Mkamwini wa ku Chilumba cha Banton

Basi ya ku Blantyre inachedwa tsiku limenelo, ndipo pa siteji ya ku Limbe panali piringupiringu. Inali nthawi ya Chitaganya, chaka chija anthu ankati akakumana pamsewu n'kuyamba ayang'ana uku ndi uku asananong'onezane kuti, "Kwacha!"

Alefa, mtsikana wa ku Manja amene ankagwira ntchito yosankha fodya pa fakitale ina, anali pamzere atatopa, duku lake likununkha chikonga.

Ana a lero simunazione izi. Basi za masiku amenewo zinali ndi zigawo ziwiri: kutsogolo mipando yawofuwofu, ya azungu ndi amwenye, kumbuyo mabenchi, athu. Aliyense ankadziwa khomo lake. Koma basi itafika, kondakitala anakakamira pa munthu mmodzi. Anali mnyamata wamfupi, khungu ngati mtedza wokazinga, tsitsi lowongoka lakuda bii, maso aang'ono, manja atayera ndi fumbi la miyala.

"Nanga inu bwana, kapena achimwene, kaya ndikuitaneni chiyani," anatero kondakitala akukanda m'mutu. "Mzungu simuli, mmwenye simuli. Ndinu akutsogolo kapena akumbuyo?"

"Kutsogolo ndi kumbuyo, zonse zikupita ku Blantyre?" anafunsa mnyamatayo. Chinyanja chake chinkatsimphina, koma chinkafika.

"Eya, basi ndi imodzi."

"Ndiye ndikhala komwe akhale awa." Analoza Alefa.

Siteji yonse inafa nacho chiseko! Alefa anabisa nkhope m'manja. Mlendo wanji wopanda manyazi chotere?

Anakhaladi naye benchi limodzi, bokosi la zitsulo ali nalo pamiyendo.

"Dzina langa ndine Hilario. Ndimasema miyala ya pamanda ndi ya m'matchalitchi."

"Ndiye mwandiona ine mwaganiza za manda?"

"Ayi! Ndaganiza za tchalitchi."

Alefa analuma mlomo kuti asaseke. "Kwanu n'kuti?"

"Ku Filipini. Chigawo cha Romblon, chilumba cha Banton."

"Basi yake imakwereredwa pati?"

"Mukandiuza dzina lanu ndikuuzani."

Pofika pa Chichiri, pomwe Alefa ankatsikira, dzina anali atatchula kale. Anatchulanso tchalitchi chimene ankapemphera, kunena kwake ngati wangoiwala n'kulankhula.

Hilario anachoka kwawo ali mnyamata, kukagwira ntchito pa sitima zapamadzi. Malungo anamugwetsa ku Beira, sitima n'kumusiya m'chipatala. Atachira anakwera njanji kutsata mbiri yoti ku Nyasaland akumanga, ndipo ku Limbe anapeza ntchito ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ya Che Nasoro, telala wachikulire wosokera pakhonde la sitolo ya mmwenye. Pa makina a Che Nasoro ndi pamene timakalata ta awiriwa tinkadikirira eni ake.

"Alefa, palanga wanga. Kwathu palanga ndiye kuti wapamtima. Lero ndalakwitsa chilembo pamwala wa mzungu chifukwa cha iwe. Lamulungu ikatha Misa usathawe."

Yankho linkabwera pa pepala lokulungira fodya. "Bambo a zilumba, musandinamizire. Munalakwitsa chifukwa sukulu munathawa. Ndidzakudikirani pa mtengo wa mbawa."

Lamulungu lina la mwezi wa Juni anakwera pang'ono phiri la Soche n'kukhala pathanthwe. Chiperoni chinali chitagona m'zigwa zonse. Blantyre osaoneka, Limbe osaoneka, mapiri okha atatulutsa mitu pamwamba pa nkhungu. Hilario anaimirira, kukamwa kuli yasa.

"Palanga, taona! Kwathu ndi kumeneku!"

"Kwayamba liti kwanu kukhala ku Ndirande?"

"Nkhunguyi ndi nyanja. Ndirande uyo, wamtaliyo, ndi chilumba cha Tablas. Kuli matauni a Odiongan ndi Looc, kuli minda ya mpunga. Mpingwe ndi Romblon, likulu lathu. Phiri lonse mkati mwake ndi mwala woyera wa nsangalabwi, ngakhale mtondo wa mayi wosauka ndi wa mwala umenewo. Ndi kumene ndinaphunzira ntchito. Uko kutali, Mulanje, ndi Sibuyan, phiri lake lili ndi mano ngati sowo."

"Nanga Banton wanuyo?"

Hilario anafufuza ndi chala mpaka anapeza kamutu ka phiri kongosuzumira.

"Kameneko? Kochepa ngati chulu?" Alefa anaseka mpaka misozi. "Mukagona miyendo simakhala m'madzi?"

"Seka, koma kachilumba kameneko sikagonja. Kale kunkabwera achifwamba a panyanja pa ngalawa zothamanga, kudzagwira anthu ukapolo. Makolo athu ndi wansembe wawo anamanga linga la miyala ya m'nyanja kuzungulira tchalitchi, ndi nsanja yoonera patali. Mlonda akaona matanga achilendo ankaliza belu, aliyense n'kuthawira m'linga. Lilipo mpaka lero. Titachuluka, ena anawolokera ku Simara, ena ku Sibale. Zilumba zitatuzi timati ndi za mimba imodzi."

"Ndiye tsiku lina belu lakwanulo lidzakuitanani, ine n'kutsala ndikuyang'ana nkhungu."

Hilario anamugwira dzanja. "Tamvera, duwa langa. Munthu wa pachilumba amadziwa chinthu chimodzi: ukapeza doko labwino, umamanga bwato. Ndamanga. Sindimasulanso."

Mtima wa Alefa unali m'malere. Kodi mnyamata wa ku Manja akanawapeza kuti mawu otere?

"Mukafuna zenizeni," anatero motsitsa mawu, "mutume munthu kwa atsibweni anga, a Fabiano, mchimwene wa mayi. Ndiwo eni mbumba. Bambo anga kulibe, anatsalira kunkhondo ndili wamng'ono."

Kutuma munthu? Hilario sanazimvetse. Ku Banton mwamuna wofuna mkazi amaonetsa nkhope yake, wotumiza mnzake ndi wamantha. Osauza Alefa, osauza Che Nasoro, Lamulungu lotsatira anavala jekete, ananyamula dengu la shuga, buledi ndi nsalu yatsopano, ulendo wa ku Manja.

Alefa atamuona akulowa pabwalo, mbale inamupulumuka.

A Fabiano anali pampando wa ndalema pansi pa mpapaya. Anali munthu wamtali, wouma ngati mtengo wa m'phiri, kopolo wakale wa asilikali a Keyala, tsopano mlonda wa sitolo ina ku Blantyre. Atangoona nkhope ya mlendoyo, fodya amene ankapichira anagwa pansi.

Nthawi yomweyo mayi Felicia, amake Alefa, anatuluka m'nyumba ndi lichero.

Hilario anachita zimene mayi ake anamuphunzitsa asanadziwe n'kuyenda komwe, ulemu woposa ulemu wonse wa kwawo. Anapita molunjika, anagwira dzanja lamanja la mayi Felicia, anawerama, n'kulikhudzitsa pamphumi pake.

"Mayo ine! Wandigwira!"

Lichero uko, nandolo mbwee pabwalo ponse! Anansi anatulukira m'mipanda. Kuno kwathu mwamuna wofunsira mbeta sayandikira mpongozi wake, sayang'anana naye m'maso, akakumana panjira wina amalowa patchire. Ndiye uyu kufika pogwira dzanja, n'kulipaka pankhope? Alefa anali atamulangiza zambiri, koma izi ayi. Ndani amauza munthu wandevu kuti moto umaotcha?

"Mjapani!" anabangula a Fabiano. "Mjapani pakhomo panga!"

"Ayi bambo, ine ndine wa ku Filipini..."

"Khala chete! Ine ku Burma ndinafikako ndi mapazi angawa. Kuseri kwa Burma kuli Japani, basi! Filipini wakoyo wamupeka panjira. Nkhope iyi ndinaiona m'nkhalango, ili kuseri kwa mfuti. Alefa! Ukudziwa amene anapha bambo ako? Ndi awa! Ndinawakwirira ndi manja anga alamu anga, m'matope, opanda bokosi. Lero mbale wawo akudzapaka mankhwala dzanja la mkazi wamasiye?"

Dengu linaponyedwa kunja kwa mpanda. Buledi anagubuduka mpaka m'ngalande, agalu n'kuchita naye phwando.

Mawa lake madzulo Alefa anafika pakhonde la Che Nasoro, maso atatupa. Hilario anathamanga kuti amugwire, iye anabwerera m'mbuyo.

"Ndiuzeni zoona, a Hilario. Ndinu Mjapani?"

Hilario anatsitsa manja. "Iwenso, palanga?"

"Musanditchule dzina limenelo! Ndikudziwa bwanji kuti ndi chinenero chanji? Zilumba zanuzo ndani anaziona? Munandionetsa nkhungu, ine n'kukhulupirira nkhungu! Mayi sanadye chidzulo. Akungosamba dzanja lija."

"Alefa, ndinalumbira kuti..."

"Bwato lanulo masulani. Doko lino lili ndi eni ake."

Anatembenuka n'kuthamanga, kulira kukumveka mpaka pa njanji. Kodi chikondi chimatha ngati chitsime cha m'chilimwe? Nanga bwanji aliyense wa iwo ankamva ngati wamezera khala lamoto?

Hilario anakhala pansi pafupi ndi makina osokera. Che Nasoro anapitiriza kupalasa mpaka anamaliza mpendero wa buluku, kenako anavula magalasi.

"Safunsa anadya phula, mwana'nga. Unagwiradi dzanja la apongozi?"

"Ndi ulemu, Che Nasoro!"

"Ulemu? Ine apongozi anga ndinakhala nawo mudzi umodzi mpaka tsiku lowaika, ndipo ukandifunsa ngati anali ndi mano sindingakuuze. Ndinkawadziwa chakumbuyo! Ukawaona akubwera, iwe patchire. Ukafuna kuwauza kanthu, umauza khoma, khomalo ndiye liwauze."

"Ndiye ndatha."

"Watha ukadali ndi manja? Kwanuko, mwamuna akalakwira kuchikazi amatani?"

Hilario anaganiza. "Kwathu mwamuna asanapatsidwe mkazi amatumikira. Amawaza nkhuni, amatunga madzi, amakonza denga. Salankhula. Amangogwira mpaka makolo atanena okha."

Che Nasoro anaomba m'manja. "Ogo! Ndiye ku Filipini kulinso chikamwini? Bwanji osanena kale! Nyamula nkhwangwa. Koma madziwo usiye, kuno angakuseke mpaka ku Bangwe."

Pakati pa bwalo la a Fabiano panali chitsa cha bulugamu, chachikulu ngati nkhokwe, chimene chinagonjetsa amuna a m'mudzimo. Loweruka masana, ataweruka kuntchito, Hilario anafika, anavula jekete, n'kuyamba. Gu! Gu! Gu!

"Choka!" anakuwa a Fabiano.

Gu! Gu!

"Ndati choka, Mjapani iwe!"

Hilario anawerama mwaulemu n'kupitiriza. A Fabiano anafuna kumuponyera mwala, koma anayang'ana chitsacho, anakumbukira msana wawo, n'kukhala pansi. "Chabwino. Akaidi a mtundu wako ndinawagwiritsapo ntchito. Waza. Koma mwana wanga sumuona."

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse akaweruka, Hilario ankatulukira ndi nkhwangwa. Chitsa chitatha anakwera padenga la khitchini. Denga litatha anamanga masitepe a miyala pakhomo, osalala ngati a kwa bwanamkubwa. Ndipo phunziro la Che Nasoro analigwira mopitirira muyeso. Mayi Felicia akangoti tulukiru, iye ankataya chilichonse n'kudumphira m'munda wa nandolo. Tsiku lina anagwera pa nkhuku yofungatira, inamujompha mpaka kumsewu. Ana a m'mudzi ankabwera kudzaonerera ngati kanema.

Koma mayi Felicia sankamuthawa. Ankakhala dala poyera, pampando, maso ali pa iye tong'o.

"Amake Alefa, simukubisala?" anafunsa mayi wina woyandikana nawo. "Mwana wa eni watha nandolo yense ndi kudumpha."

"Ndibisale chifukwa cha ndani?" anayankha mokweza kuti m'nandolomo mumveke. "Munthu amathawa mkamwini. Waganyu sathawidwa."

Mawuwo anamulasa Hilario kuposa minga.

Nanga Alefa? Sankamulankhula. Akamadutsa ndi ndowa ankayang'ana kumbali. Koma ankaona matuza m'manja mwake akuphulika n'kusanduka zipsera, ndipo usiku tulo sitinkabwera. Wonyenga amapirira chotere? Wonyenga amalumidwa ndi nkhuku chifukwa cha munthu? Tsiku lina Hilario anapeza chikho cha thobwa kuseri kwa mulu wa nkhuni, chovindikira bwino ndi tsamba la nthochi. Sanafunse. Anamwa, maso ali kumwamba, ngati walandira Ukaristia.

Anthu anayamba kulankhula. "A Kopolo, mwanayu ndi wolimbika. Mwinatu si Mjapani."

"Inu munapitako ku Burma?" ankatero a Fabiano. "Ndikuonetsani. Loweruka mubwere nonse."

Nkhondo itatha, a Fabiano analonderapo akaidi a Chijapani, ndipo m'mawa uliwonse ankamva akuluakulu awo akukuwa mawu awiri pofoletsa anthu awo. Mawuwo anawasunga m'mutu ngati zipolopolo.

Loweruka bwalo linadzaza. Che Nasoro nawo anabwera, ati kudzapereka malaya. Hilario ankawaza chipika, osadziwa kanthu. A Fabiano, atavala jekete lawo lakale la usilikali, anazemba mpaka kumbuyo kwake, anakoka mpweya, n'kukuwa ndi mawu a pa perete:

"Kiyotsuke! Keirei!"

Nkhwangwa inagwa. Hilario anauma gwa, miyendo pamodzi, manja m'mbali. Kenako anapinda msana mpaka mutu kufika m'mawondo.

"Mwaona!" A Fabiano anatembenukira khamu, manja m'mwamba. "Wamva! Chinenero cha kwawo! Ndinanena ine!"

Koma palibe anaombera m'manja. Onse ankayang'ana kumbuyo kwawo.

A Fabiano anacheuka. Hilario anali chiweramire. Thupi lonse linali njenjenje ngati wagwidwa ndi malungo. Maso anali atatsinzina zolimba, tsaya atalipendeketsa, mapewa atawakweza, kudikira mbama. Milomo inkanong'ona mawu osamveka, mawu a kamwana kopempha. Misozi inkadontha pa fumbi.

Msilikali amadziwa kusiyana kwa munthu wolandira lamulo la kwawo ndi munthu amene anamenyedwapo ndi lamulolo. A Fabiano anatsitsa manja pang'onopang'ono.

Alefa anakankha anthu, anathamanga, n'kuima pakati pa awiriwo.

"Atsibweni, mwakhuta? Mukafuna kumenya, menyani ine!" Anagwada n'kugwira nkhope ya Hilario ndi manja awiri. "Weramukani. Ndine, Hilario. Ndine palanga wanu. Kuno ndi ku Manja, palibe akumenyeni. Ndikhululukireni, ndinakufunsani funso lauchitsiru!"

Hilario anaweramuka movutika ngati nkhalamba. Anakhala pa chipika chija, ndipo atapeza mpweya analankhula, maso ali pansi.

"Ajapani anafika kwathu ndili mwana. Ndinali ku tauni ya Romblon, ine ndi mkulu wanga Crispin, tikuphunzira kusema miyala. Padoko anaikapo msilikali. Aliyense wodutsa, kaya ndi agogo, kaya ndi wansembe, ankayenera kuwerama. Ukawerama pang'ono, mbama. Ukachedwa, thako la mfuti. Khutu ili silimva mpaka lero."



"Anatenga mpunga, anatenga nkhumba, anatenga mabwato. Tsiku lina Crispin ananyamula mwala wolemera pamsana, sakanatha kuwerama. Anamumenya, iye anawayang'ana m'maso. Anamukweza m'ngalawa yawo. Mayi anga ku Banton amapitabe padoko sitima iliyonse ikafika."

Anapukuta nkhope ndi mkono.

"Ine ndinathawa pa bwato usiku kubwerera kwathu. Tinkabisala m'mapanga a m'phiri, momwe muli mabokosi a makolo athu akalekale. Amoyo ndi akufa, phanga limodzi, tikudya chinangwa chosaphika. Kenako tsiku lina kumwamba kunadzaza ndege. Tinakwera pamwamba pa phiri n'kuona utsi uli tolotolo pa nyanja ya Sibuyan, sitima zawo zankhondo zikuphulitsidwa. Belu la m'linga lathu, lija linkalira pobwera achifwamba, tinaliliza mpaka chingwe chinaduka." Anakweza maso kwa nthawi yoyamba. "Bambo, munditchule galu, munditchule waganyu, ndivomera. Koma dzina lija ayi."

A Fabiano anafuna mpando, sanaupeze, anangokhala pa mulu wa nkhuni. Anavula chipewa.

"Chaka chanji, cha utsicho?"

"Forte-folo. Mwezi wa Okutobala."

"Okutobala," anabwereza a Fabiano. "Ife tinali m'chigwa cha Kabaw. Mvula usana ndi usiku, misundu mpaka m'makutu. Mwezi womwewo ndi umene anagwa alamu anga, bambo a mwanayu." Anapukusa mutu. "Ndiye kuti pamene ife tinkamusaka mdaniyo ku Burma, inu munali naye m'nyumba?"

"Zaka zitatu, bambo."

"Asa! Ndipo ine, chitsiru cha munthu, ndakhala ndikuwazitsa nkhuni mnzanga wa nkhondo imodzi!"

Anaimirira n'kutembenukira anthu. Mawu a pa perete anabwerera.

"Tamverani, a ku Manja! Makolo athu ife anawoloka Ruo usiku kuthawa mbalamatodya, thabwa lija Apwitikizi ankamenyera anthu. Atafika kuno ankatchedwa maina, ankasekedwa malankhulidwe, ndipo aliyense ankati dziko lawo ndi lopeka. Lero ine mwana wawo ndachitira mlendo zomwezo. Filipini aliko! Ndanena ine Kopolo Fabiano, ndipo wotsutsa abwere adzazule chitsa china!"

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso.

"Koma iwe mnyamata," anapitiriza akuloza Hilario, "mlandu wa dzanja uja ulipobe. Nkhuku imodzi. Ndipo ukwati si basi yoti umangokwera khomo lililonse. Nkhoswe yako ili kuti? Kapena tidikire ichoke ku Banton pa bwato?"

Hilario anayang'ana uku ndi uku. Anali ndi ndani m'dziko lino?

Kumbuyo kunamveka kutsokomola. Che Nasoro anabwera kutsogolo, akukonza kofia, malaya a eni ali kukhwapa.

"Nkhoswe ndi ine."

"Inu Che Nasoro? Msilamu kuimira Mkatolika? Mwana ameneyu munabala liti?"

"Amadya m'mbale yanga, amagona kuseri kwanga, akadwala ndimamuphikira phala ndine. Kubala kumaposa pamenepa? Ndiponso tayang'anani msinkhu. Simukuona kuti ndi wa kwathu ameneyu?"

Chiseko chinaphulika mpaka agalu anauwa. A Fabiano anagwira dzanja la telalayo n'kuligwedeza ngati akupopa madzi.

"Loweruka likudzali mubwere ndi tambala. Ife thadzi tili nalo, lomwe lija linamujompha. Koma mumuuze mwana wanuyo: nyumba amanga pano. Mwana wathu sawoloka nyanja."

"Ndimanga ya miyala, bambo!" anafuula Hilario. "Ya mawindo anayi!"

Alefa anamukoka malaya. "Wonjezani limodzi loyang'ana kumsewu, ndizionera atsikana a kufakitale akupsa mtima."

Koma chimwemwe cha Hilario chinazima msanga. Anakumbukira kuti panali munthu mmodzi amene sananene kanthu. Mayi Felicia anali ataima pa masitepe atsopano aja chiyambire, manja atapinda pachifuwa, nkhope yosawerengeka. Mawu a atsibweni ndi lamulo, inde, koma nyumba imene mayi sanaivomere imadontha ngakhale m'chilimwe.

Anthu anatsata maso ake. Phokoso linatha.

Mayi Felicia anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali, kuyambira kumapazi ofumbira mpaka ku khutu logontha lija. Kenako mwadzidzidzi anakoka nsalu ya paphewa, anaphimba nayo kumaso, anatsika masitepe chammbali, n'kuthamanga ngati mtsikana kukazimirira kuseri kwa nyumba.

Hilario anataya mtima. "Akadandidabe," ananong'ona. "Alefa, sakufuna n'kundiona komwe."

Alefa anamuyang'ana, misozi ili mbwembwembwe, chiseko chikumutsamwitsa. Anamugwira mapewa n'kumugwedeza.

"Bambo a zilumba, simukuona? Akukuthawani! Amayi akukuthawani!"

Ndipo kuseri kwa nyumba, komwe mkamwini sakanatha kuwaona, mayi Felicia anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka ku Chimwankhunda.